Apongozi m'Nyumba ya Magalasi

Amayi anatsika basi ya ku Ntcheu Lachinayi masana ali ndi thumba la mbatata yakachewere pamutu, nkhani ataimaliza kale okha m'njira. Asanatule n'komwe katundu anandiuza kuti akubwerera Lolemba, ndipo mkulu wanga Jemima akupita nawo. Mimba yoyamba, anatero, mwana amakachilira kwa amake. Sanafunse maganizo a munthu aliyense.

Jemima sankafuna kumva za Ntcheu. Chipatala chili pafupi ndi nyumba yawo ku Kawale, anamwino anamuzolowera kale, ndipo mwamuna wake, alamu anga a Zaki, sakanasiya shedi yawo yowotcherera zitsulo ndi kupala matabwa kuti akakhale kumudzi kudikira mwana. Koma Jemima atabwera kudzawalonjera kunyumba kwanga ku Biwi, Amayi anamugwira mkono n'kuuyeza ndi zala ngati akugula mzimbe.

"Mimba yokha ndiyo ikudya m'banja lakoli," anatero. "Mwini wake khosi latsala ngati la botolo."

Kenako anapisa m'chikwama cha Jemima kufuna mafuta odzola, n'kupezamo kajumbo ka dothi lija amayi oyembekezera amagula pamsika n'kumatafuna mobisa. Kwa Amayi umenewo unali umboni wokwanira. Mkamwini sakudyetsa mwana wawo.

Vuto linali loti a Zaki sakanatha kudziyankhira. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana kumaso, salankhulana popanda wapakati, ndipo sadyera pamodzi. Chikwatiwireni Jemima, Amayi ankangodziwa nsapato za a Zaki ndi katsokomoledwe kawo. A Zaki nawo, ngakhale kwawo ndi ku Mangochi, lamuloli analigwira kuposa eni ake. Tsiku lina ataona Amayi akubwera pamsewu wa ku Kawale anadumphira m'ngalande, n'kukhala momwemo mpaka Amayi atamaliza kunenerera mtengo wa tomato.

Ine ndinawauza onse awiri kuti zimenezi n'zopepera. Kukonza mafoni ndinaphunzira ndekha pabenchi yanga, palibe anandigwira dzanja, ndipo lamulo limene munthu sangandionetse kuti waya wake akuchokera pati n'kupita pati sindilikhulupirira. Koma popeza ndine wamng'ono m'banjamo ndipo pakamwa panga sipatopa, wapakati uja ndimakhala ineyo. Amayi amati, "Mayankho, uwauze apongozi." A Zaki amati, "Mlamu, muwauze Amayi." Ngati ntchitoyi ndikuifuna, palibe anandifunsapo.

Nzeru yopita ku lesitilanti inachokera kwa a Zaki. Kumtunda kwa mabwana, kupitirira City Centre, kunatsegulidwa malo odyera atsopano otchedwa Phulusa, ndipo matebulo ndi mipando yake anapanga ndi iwo. Mwini malowo, a Ralph, amenenso ndi wophika wamkulu, anakondwa ndi ntchitoyo mpaka anati tsiku lililonse a Zaki abwere ndi banja lawo adzadye ulere. A Zaki anaganiza kuti Amayi akaona malo amene mkamwini wawo amatha kulowetsako mkazi wake, nkhani ya njala ithera pomwepo, ndipo Jemima atsala.

"Nanga mukadya bwanji, inu ndi Amayi?" ndinafunsa.

"Inu atatu patebulo limodzi, ine pakatebulo kumbuyo, titapatsana misana. Malowo ndikuwadziwa, mlamu. Makoma ake ndi simenti yokhayokha."

Tinanyamuka Loweruka masana. Ife pa takisi, a Zaki kumbuyo pa kabaza wa njinga yamoto, atamuuziratu kuti asatipitirire. Amayi anavala diresi lawo lakutchalitchi, chitenje chamaluwa pamwamba.

Pageti mlonda anatiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Zamasamba zimalowera kuseri, amayi."

Ndinamufunsa ngati akuona dengu. Anati ayi. Ndinamufunsa ngati amayi ake akavala chitenje nawonso amasanduka ndiwo zamasamba. Jemima anandikoka mkono ndisanafike pa funso lachitatu, lomwe linali labwino kuposa awiriwo.

Weita wovala zakuda, dzina loti Golden litapachikidwa pachifuwa, anatitsegulira chitseko. Amayi analowa patsogolo, ine ndi Jemima pambuyo, a Zaki kumapeto atawerama. Basi Amayi anangoima chilili.

Tsiku limene a Zaki anabweretsa matebulo, makoma analidi simenti. Koma iwo atachoka kunabwera anthu a magalasi. Khoma lililonse linali galasi kuyambira pansi mpaka m'mwamba. Mizati galasi. Denga galasi. Munthu amene Amayi anakhala akuthawa nkhope yake nthawi yonseyi anali kutsogolo kwawo, kumanja, kumanzere, ndi pamwamba atazondoka, ndipo kumbuyo kwa aliyense kunali mzere wa a Zaki ena, onse atavala shati yoyera yofanana, onse atayasama.

Amayi anayang'ana pansi. Pansipo panali matailosi akuda opukutidwa bwino, ndipo a Zaki analinso momwemo.

Anatsinzina.

"Mayankho," anatero motsitsa mawu, "alipo angati?"

"Mmodzi yemweyo, Amayi."

"Uwauze enawo achoke."

Ndinawagwira dzanja n'kuwatsogolera ngati wakhungu mpaka patebulo limene Golden anationetsa, lozungulira, la anthu anayi, pakati penipeni pa nyumba. A Zaki anapempha katebulo kapadera. Golden anati matebulo onse ali ndi eni ake. A Zaki anagwira mpando kuti autembenuze, mpando osasuntha. Anaukoka ndi manja awiri, osasuntha.

"Ndinamanga ndine," anatero akupukuta thukuta. "A Ralph anati anthu asamasokoneze mzere. Mabawuti ake ndinathiramo ndi guluu."

Anati athamangire kushedi akatenge sipanala. Golden anayankha mwaulemu kuti kumeneko mipando samasula nthawi ya chakudya. Ine ndinati ngakhale atautembenuza ayang'ana kuti, poti kulikonse kuli Amayi.

Amene anapeza njira ndi Amayi eni ake. Anamasula chitenje m'chiuno, anakhala pampando, n'kudzifunditsa kuyambira kumutu mpaka m'mphepete mwa tebulo, ngati mulu wa chimanga woopa mvula. Mawu anatulukira mkatimo.

"Uwauze apongozi akhale pansi. Chakudya chawocho chibwere tichione."

Golden anafotokoza kuti kumeneko munthu sasankha. Wophika amasankha yekha, timbale timabwera motsatana, ndipo kalikonse kali ndi nkhani yake. A Zaki anafunsa ngati muli nkhumba kapena mowa, iye anati mulibe. Ine ndinafunsa kuti nanga munthu akafuna chakudya chokha popanda nkhani zimakhala bwanji.

"Zimabwera pamodzi, achemwali," anatero.

Choyamba sichinabwere m'mbale. Chinabwera pamwala wakuda waphanthi, aliyense wake. Pamwalapo panali kamulu ka dothi lakuda, atabzalapo kakaroti kamodzi konga chala cha khanda ndi tsamba limodzi la chisoso, chisoso chomwechi ku Chinsapo amachilimira kumodzi ndi udzu.

"Ili ndi Dimba la M'mawa," anatero Golden, manja ali kumbuyo. "Wophika wathu akufuna mukumbukire kumene chakudya chimachokera."

Dzanja la Amayi linatuluka pansi pa chitenje, linapapasa patebulo, n'kukokera mwalawo mkati. 

"Mayankho. Uwafunse apongozi ngati dothi ili ndi lomwe amadyetsa mwana wanga masiku onse, kapena ili ndi la alendo."

A Zaki anakhala pafupi ndi Amayi moti akanatha kuwakhudza ndi chigongono, ndipo anamva zonse. Koma anadikira, maso ali pa ine, mpaka nditabwereza mawu onse.

"Mlamu, muwauze Amayi kuti ndi mtedza wokazinga. Angousinja n'kuudetsa."

"Akuti ndi mtedza."

"Uwafunse mtedzawo unawalakwira chiyani."

A Zaki sanakhudze foloko. Ndinawanong'oneza kuti adye, Amayi afunda. Anandinong'onezanso kuti afunda ndi maso, makutu ali pamtunda, ndipo iwo sangatafune apongozi akumva. Anakankhira mwala wawo kwa Jemima, amene wake anali ataupukuta kale. Jemima anadya dothi la mwamuna wake. Pamene ndinkawerama kuti ndimve zomwe Amayi akunena, anadyanso langa. Nditatembenuka ndinapeza tsamba la chisoso lokha.

Chachiwiri chinabwera m'kambale kakuya. Munali thovu lobiriwira, likunjenjemera lokha.

"Nkhwani wotendera," anatero Golden. "Tamuchotsa thupi, tasiya mpweya wake."

Kambale kanalowa pansi pa chitenje n'kutulukanso msanga.

"Mbale iyi sanaitsukuluze. Sopo adakalimo. Mayankho, uwauze apongozi kuti basi ya Lolemba imanyamuka m'mawa. Jemima alongedze mawa akabwera kutchalitchi."

Jemima anaika supuni pansi. "Amayi, ine ndikumvatu, sindifunika wapakati. Sindipita."

"Iwe ikulankhula ndi njala. Ukakadya kwathu masiku angapo nzeru zibwerera."

"Ndikudyatu pano."

"Ukudya sopo."

Jemima anayang'ana kumbali, koma kumbaliko kunali iye yemwe m'galasi, maso atafiira. Anatenga thovu la a Zaki, lomwe linali litafika kale pafupi ndi dzanja lake, n'kulimeza mokwiya. Anatenga la Amayi. Anatenga langa ndikuona, ndipo nditati ndilankhule anandiyang'ana ndi diso loti ndiyese.

"Mlamu," anatero a Zaki, "muwauze Amayi asafulumire kuweruza. Chikubwerachi ndi chambo."

Chambo chinabwera atachivindikira ndi galasi longa belu, mkati mwadzaza utsi. Golden anavundukula cha Jemima, utsi unafalikira patebulo, ndipo utatha panaoneka kachidutswa kansomba kukula kwake ngati batire ya kafoni kamabatani. Anati utsiwo ndi wa nkhuni za mango. Asanafike kwa Amayi, dzanja lija linatuluka n'kukokera mbale mkati ndi galasi lake lomwe. Tinamva galasi likuvundukuka. Utsi unayamba kutulukira m'mphepete mwa chitenje, kumanja ndi kumanzere, ndipo mulu wonse unagwedezeka ndi chifuwa.

Patebulo loyandikana nafe panali bambo wa tayi yofiira ndi mayi wa tsitsi lalitali logula. Chilowereni ankatiba ndi maso kudzera m'galasi, ndipo ine ndinali nditakonza kale mawu oti ndiwapatse akangoseka. Koma bamboyo sanaseke. Anakodola Golden ndi chala.

"Tebulo ilo lapatsidwa nsalu, ife ayi. Tasiyana pati?"

Golden anayang'ana kukhitchini, anayang'ana kudenga, anayang'ana mulu ukufuka utsi uja. Ndinaona pankhope pake kuti akuopa kunena kuti sakudziwa.

"Ena amakonda kutero, bwana, kuti utsi usathawe. Fungo lonse limakhala lanu."

"Ndiye mumangouza ena?"

Bamboyo anatenga kansalu kopukutira pakamwa n'kudziika pamutu. Kanangophimba dazi lokha. Anaitanitsa yaikulu. Golden anapita kuseri n'kubwera ndi nsalu zoyera zoyala patebulo, ndipo bambo ndi mayi uja anadzifunditsa bwinobwino, aliyense ndi nsomba yake. Tebulo la anyamata a masuti linaona, linaitanitsa. Azungu awiri amene anakhala pafupi ndi zenera anafunsana kaye monong'ona, kenako anaitanitsa mopepesa. Mayi wina amene anali atamaliza kale nsomba yake anati amubweretserenso utsi wokha. Posakhalitsa nyumba yonse inali milu yoyera ikufuka ndi kutsokomola, ndipo m'magalasi miluyo inapitirira mpaka kumene maso amalekezera. Osafunda tinatsala ine, Jemima, a Zaki ndi maweita.

A Ralph anatuluka m'khitchini akupukuta manja pa epuloni. Anaima, anayang'ana nyumba yawo, ndipo Golden anawanong'oneza akuloza kwa ife. Anabwera akumwetulira, anawagwira a Zaki paphewa, kenako anagwada pafupi ndi mulu wamaluwa foni ili m'manja.

"Izi ndi zimene ndakhala ndikufunafuna chitsegulireni," anatero. "Munthu ndi chakudya chake, awiriwiri. Mayiwa ndiwajambule, tiwaike patsamba lathu."

Ndinaimirira. Mpando sunabwerere m'mbuyo, bondo linagunda chitsulo cha tebulo, ndipo zimenezo zinangowonjezera moto.

"Foni imeneyo ibwerere m'thumba, bambo. Pageti panu mayi awa auzidwa kuti zamasamba zimalowera kuseri. M'minibasi akafunda chitenje, kondakitala amawatcha akumudzi n'kuwakhazika pa injini. Lero bambo wa tayi wafunda nsalu ya tebulo ndiye zasanduka nzeru? Chisoso mwathyola kwathu. Nkhwani kwathu. Utsi umene umatiwawa m'maso ku Biwi m'mawa uliwonse mwautsekera m'galasi. Tsopano mukufuna ndi chitenje chomwe."

A Ralph anatsegula pakamwa koma sindinawapatse mpata. Ndinatembenukira kunyumba yonse.

"Inu nonse mwafundanu, tamvani. Mayi awa sakununkhiza nsomba. Akubisala kwa mkamwini wawo, ndi awa akhala apawa."

A Zaki anatsetsereka pampando mpaka chibwano chinatsala pang'ono kufika patebulo.

 Kenako pansi pa nsalu ya bambo wa tayi panatuluka mawu.

"Ndiye tivundukule?"

"Vundukulani inuyo," unayankha mulu wa mayi uja. "Ine fungo ndikulimvadi."

Palibe anavundukula. Pakona bambo wina wa imvi anasuzumira kunja, anayang'ana mulu waung'ono umene unakhala pafupi ndi mulu wa mkazi wake, n'kunena kuti, "Apongozi, pepani, zaka zonsezi." Anadzifunditsanso mpaka m'mawondo.

A Ralph anadzuka, foni ili m'thumba, koma nkhope ikuwalabe. Anati nkhani yake ndi yabwino kuposa mmene amaganizira. Anabwerera kukhitchini akuuza Golden kuti afufuze kumene amagulitsa zitenje zambiri nthawi imodzi.

"Mayankho," anatero Amayi, "khala pansi. Ukutichititsa manyazi pakati pa anthu aulemu."

Ndinakhala pansi. Chambo changa panalibe. Jemima ankapukuta milomo.

Chotsatira chinali nyama ya mbuzi, kachidutswa kamodzi, pambali atajambula mzere wa mbatata yoponda ngati wina anayesa cholembera. Amayi anakokera mbale yawo mkati koma sananene kanthu. Sanafunse funso, sanatume mawu. Chete ameneyu anandiopsa kuposa mawu onse aja, chifukwa Amayi akasiya kutsutsa ndiye kuti mumtima akwera kale basi.

Ndipamene ndinaona diso.

Chitenjecho chinali ndi kabowo kakang'ono kumbali yanga, kopsa ndi moto wa mbaula, ndipo pakabowopo panali diso la Amayi. Silinkayang'ana ine. Linkayang'ana kudenga. Ndinakweza maso. M'galasi la m'mwamba tebulo lathu linkaoneka lonse: mulu wamaluwa, mutu wanga, mutu wa Jemima, ndi dzanja la a Zaki likukankha mbale ya nyama pang'onopang'ono kupita kwa mkazi wawo. Kenako dzanjalo linatenga mbale yopanda kanthu ya Jemima n'kuiika patsogolo pawo, kuti Golden asaganize kuti akana chakudya cha a Ralph.

Chomaliza chinali kanthu kozizira ka malambe, kozungulira ngati dzira la njiwa. Dzanja linachita chimodzimodzi. Diso linatsatira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kenako linatsika, linakumana ndi langa, ndipo linazimirira.

"Mayankho, uwafunse apongozi kuti chifikireni adya chiyani."

Ndinafunsa.

"Mlamu, muwauze Amayi kuti ndakhuta."

"Akuti akhuta."

"Uwauze kuti sindinabwere kuchokera ku Ntcheu kudzanamizidwa."

"Mwadziwa bwanji, Amayi, poti mwafunda?"



"Foloko yawo sinalire. Yalira ndi ya Jemima yokha." Anatsokomola. "Jemima, kunyumba amateronso?"

Jemima anayang'ana mwamuna wake. Anayang'ana ine. Kenako anawongola msana ngati munthu woimba kwaya.

"Masiku onse, Amayi. Ndiwo zonse amakankhira kwa ine. Ndikakana amakwiya."

Linali bodza lopanda n'komwe nsapato. A Zaki kunyumba amadya ngati chigayo. Ndinawaonapo akumaliza mbale yawo ya mpunga n'kufunsa Jemima ngati zatsalazo azidya. Lero sanadye chifukwa choopa kutafuna apongozi akumva, osati chifukwa cha chifundo. Ndipo ngati nkhani ndi ya amene wapereka chakudya, mbale zanga zonse zinalowa m'mimba yomweyo popanda kupempha, koma diso lija silinaone zimenezo. Ndinatsegula pakamwa kuti choonadi chituluke, chifukwa ine bodza likadutsa pamaso panga ndimamva kuyabwa thupi lonse.

Chidendene cha Jemima chinatera pachala changa chaphazi ndi kulemera kwa anthu awiri. Ndinamuyang'ana mokwiya. Sankandiopseza. Maso ake anali odzaza misozi, ndipo milomo inkanena dzina langa popanda mawu.

Ndinameza. Chinali chinthu choyamba kumeza chilowereni m'nyumba imeneyo.

"Zoona zimenezo, Mayankho?" anafunsa Amayi.

"Ine ndimakhala ku Biwi," ndinatero.

Amayi anapuma mozama moti chitenje chinafufuma n'kuphwanso.

"Ndiye nyumba imeneyi ndi ya odwala awiri. Mkazi akudya dothi, mwamuna sakudya kanthu. Ndikatenga mmodzi, winayo ndidzamupeza atauma pashedi, mwana adzabadwe wamasiye. Uwauze apongozi kuti Jemima sapita."

Sindinafunike kubwereza, koma a Zaki anadikirabe. Nditanena, anatseka maso n'kuyamika Mulungu chapansipansi. Jemima anachotsa chidendene.

"Uwauzenso kuti inenso sindipita. Ndikhala ku Kawale mpaka mwana abadwe n'kuyamba kukwawa. Kuphika ndiziphika ndine, kugawa ndizigawa ndine, ndipo mbale ya munthu aliyense izibwerera kwa ine ndiione."

Nyumba ya a Zaki ndi chipinda chimodzi ndi pabalaza. Ndinaona akuiyeza mumtima, khoma ndi khoma, kufunafuna pothawira.

"Mlamu, muwafunse Amayi kuti ine ndizigona kuti."

"Uwauze kuti munthu amene anapanga mipando yonseyi sangalephere kudzipangira bedi kushedi."

A Zaki anagwedeza mutu kuvomera. Anamwetuliranso, zoona, ngati apatsidwa mphatso. Ine ndinati chabwino, nkhani yatha, tizipita ndikagule tchipisi pachiwaya ndisanakomoke.

"Nawenso ukalongedze," anatero Amayi.

"Ine? Ndalakwa chiyani?"

"Nanga ine ndi apongozi tizilankhula bwanji? Mchere ukatha ndiuza ndani?"

"Jemima alipo."

"Jemima ndi wodwala, sangamathamange pakati pa nyumba ndi shedi."

"Benchi yanga ili ku Biwi, Amayi. Makasitomala anga ali ku Biwi."

"Biwi ndi Kawale mpatali? Uziyenda, miyendo ikhwime."

Ndinawauza onse kuti zimenezi si chilungamo. Ndinayamba kufotokoza mwatsatanetsatane. Jemima wapeza mwamuna wake ndi chipatala chake. A Zaki apeza ulemu. Amayi apeza khitchini yolamulira. A Ralph apeza nzeru yaulere. Bambo wa tayi wapeza fungo. Ine, amene ndanyamula mawu a anthu onse kuyambira pageti, ndapeza tsamba limodzi la chisoso ndipo ndikuchotsedwa m'nyumba yanga. Ndisanamalize, Amayi anali atadzuka kale, dzanja litatuluka pansi pa chitenje likufuna langa.

Ndinawatsogolera pakati pa milu yoyera ija, ina ikutsokomolabe, ina ikuitanitsa utsi wachiwiri. Jemima anali pambuyo pathu atagwira chiuno, akugeya. Golden anatitsegulira chitseko n'kuwaweramira Amayi mozama, ngakhale iwo sakanamuona.

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Amayi sanavundukule, poti a Zaki anali asanapite kukafuna kabaza wawo. A Zakiwo anaima chapatali pang'ono, atayang'ana kumpanda, manja atagwirana kumbuyo.

"Mlamu," anandiitana motsitsa, "muwauze Amayi kuti zikomo."

"Auzeni nokha. Ali pomwepa, ndipo ine ndaweruka."

Palibe anasuntha. Takisi inadutsa, inaliza hutala, inapita. Mlonda uja anatiyang'ana n'kuyang'ananso kumbali.

"Ndamva," anatero Amayi pansi pa chitenje. "Koma uwauze kuti sindinamve mpaka iwe unene."

Ndinayang'ana Jemima. Anakweza mapewa n'kugeyanso.

"Amayi," ndinatero, "akuti zikomo."